Kodi Osewera Mpira Abwerere Kwao Pakagwa Ciwembu?

Ine ndine mphunzitsi, ndipo zaka zambiri ndakhala ndikutsogolera anyamata a sukulu yathu popita kukamenya mpira ndi anzao a midzi yina. Tsiku lina m'mamawa, tirinkunyamuka, mai wina wamasiye anandigwira dzanja nati, "Aphunzitsi, mwana ndiri naye ndi yemweyu, mukabwere naye." Mau amenewo sanacoke mumtima mwanga kufikira lero, ndipo ndiwo andilembetsa za mlandu umene anthu a maiko ambiri atsutsana nao: kodi osewera mpira akapita ku dziko la eni, ndipo zigawenga zikacita ciwembu kumeneko, ayenera kubwerera kwao, kapena kupirira kufikira masewera atatha?

Ambiri a inu mukumbukira caka ca 2010, pamene anyamata athu a Flames anapita ku Angola ku mpikisano wa maiko a Africa, nagonjetsa Algeria ndi zigoli 3 kwa 0 mumzinda wa Luanda pa 11 January. Ife tinazinga wailesi, ndipo amai analuluta mudzi wonse. Koma pakukondwa pathupo anthu a ku Togo analinkulira. Pakuti pa 8 January gulu lao la mpira, pocokera ku Congo pa basi, linalowa m'cigawo ca Cabinda, kumene kuli anthu ofuna kudzipatula ku Angola ndi nkhondo. Ndipo amenewo anabisalira basiyo pa njira, naiombera mfuti. Anamwalira Améleté Abalo, wothandiza mphunzitsi wa gululo, ndi Stanislas Ocloo, wofalitsa mbiri zace. Wogwira pagolo, Kodjovi Obilalé, analasidwa koopsa, namtengera ku cipatala ca ku Johannesburg. Anacira, koma nchito yace ya mpira inathera pomwepo.

Boma la Togo linaitana ana ace kuti abwere kumudzi, nilamula masiku atatu a maliro. Tsono akuru a bungwe la CAF, loyang'anira mpira mu Africa, anaweruza kuti Togo asaloledwe pa mipikisano iwiri yotsatira, ati cifukwa boma linalowerera pa zinthu za mpira. Pakumva ici mtima wanga unawawa. Kwathu kuno maliro akagwa, ng'oma ileka, makasu agonekedwa, ndipo palibe nyakwawa imene ilipitsa munthu mbuzi cifukwa anacoka pabwalo la gule kukaika mbale wace. Munthu amene dzulo anagona pansi pa mpando wa basi, mwazi wa mnzace uli pa malaya ace, adzathamanga bwanji ndi mpira mawa? Cilangoco cinacotsedwa m'mwezi wa May caka comweco, koma sicinayenera kuikidwa konse.

Komatu mlandu sauweruza utamva mbali imodzi. Tiyeni tiyang'ane ku Pakistan, dziko la ku Asia kumene anthu akonda masewera a kiriketi monga ife tikonda mpira wa miyendo. Pa 3 March 2009 zigawenga zinaombera basi ya osewera a ku Sri Lanka mumzinda wa Lahore. Osewera angapo anabvulala, ndipo apolisi 6 anafa potchinjiriza alendo ao. Kuyambira pamenepo maiko akuru a masewerawo anakana kupondanso ku Pakistan zaka 6, kotero kuti eni dziko anakalandirira alendo ao pa mabwalo obwereka ku United Arab Emirates. Taganizani za ana amene anakula zaka zonsezo osaona ndi maso akatswiri ao pabwalo la kwao. Kodi analakwa ciani? Iwonso anali ofedwa. Ndipo zigawenga zinapeza cimene zinafuna, ndico kutseka njira ndi kusandutsa dziko mudzi wopanda alendo.

Amene anayamba kulambula njirayo ndiwo anansi athu a ku Zimbabwe, amene anapita ku Lahore m'mwezi wa May 2015. Ali komweko bomba linaphulika pafupi ndi bwalo, koma iwo anakhala natsiriza masewera ao. Pambuyo pace a ku Sri Lanka eni ace, amene analasidwa kale, anabwereranso mu 2017 ndi mu 2019, nalandiridwa ndi cimwemwe cacikuru.

Tsono maganizo anga ndi awa. Coyamba, gulu limene lafedwa kapena laona imfa ndi maso libwerere kwao popanda manyazi ndi popanda cilango. Kulira ndiko mwambo wa anthu onse. Caciwiri, akuru asaumirize wosewera ali yense. Amfunse yekha payekha, pakuti mantha a munthu ali ndi mkazi ndi makanda sawayesa ndi ndalama za pakhomo la bwalo, ndipo wokana asamuyese wamantha. Cacitatu, kubwerera kusasanduke kutaya mnansi. Maliro akatha anthu ameta, natola makasu ao. Momwemonso atsogoleri atume anthu odziwa kukayang'ana njira, malo ogona ndi alonda, ndipo akapeza kuti eni dziko akonza, apitenso. Wotuma ana a eni pa ulendo wotere akhale iye mwini m'basi momwemo; pamenepo tidzadziwa kuti mau ace akuti kuli mtendere ali oona.

Ine sindinakomane ndi mfuti, koma ndidziwa pang'ono kulemera kwace kwa katundu ameneyu. Tsiku lija tinapeza mtsinje utadzala, ndipo anyamata anandikakamiza kuti tioloke, poopa kuti anzao adzawaseka. Ndinakumbukira dzanja la mai uja, ndipo tinabwerera. Anyamata sanandilankhule njira yonse. Koma madzi ataphwa ndinalembera mphunzitsi wa tsidya lija, ndipo tinapita, natilandira ndi nsima ndi nkhuku. Anatigonjetsa, koma tonse tinabwera amoyo, ndipo madzulo ndinampereka mwanayo pakhomo pa amace.

Ndine wanu m'nchito ya ana,
Mphunzitsi.