Bokosi la ku Sizinda

M'Chichewa, nyumba ndi khomo ndi mawu awiri osiyana. Nyumba imamangidwa, imagulidwa, imachitidwa lendi. Khomo ndi pamene munthu amafikira popanda kuodira, pamene amadziwa malo a chikho ngakhale mumdima. Mayi wina wa ku Bulawayo, amene ntchito yake ndi yokonza ndi kukongoletsa m'kati mwa nyumba za anthu, amati luso lake lonse lagona pa kusiyana kwa mawu awiriwa, ndipo kusiyanako adakuphunzira m'nyumba ya agogo ake ku Sizinda.

Sizinda ndi dera limene lidamangidwira anthu ogwira ntchito ku kampani ya njanji, ndipo ambiri mwa iwo adachokera ku Nyasaland ndi ku Northern Rhodesia. Njanji idafika ku Bulawayo mu 1897, ndipo mzindawu udasanduka phata la sitima za m'dziko lonselo. Agogo ake aamuna adachoka ku Ntcheu m'zaka za chitaganya cha 1953 mpaka 1963, atalonjeza abale kuti akangopeza ya njinga ndi malata abwerera. Patapita zaka zingapo adaitanitsa mkazi wawo, amene adabwera ndi bokosi lachitsulo limodzi. Ana adabadwa, zidzukulu zidabwera, ndipo kumudzi adayamba kuwatcha matchona. Ku Zimbabwe nako ankanyozedwa ndi dzina loti Mabhurandaya, lochokera ku Blantyre, ndipo ziphaso za ambiri zinkawatchula kuti ndi alendo. Kusintha kwa lamulo la unzika mu 2001 kudasiya ambiri a iwo opanda dziko, mpaka malamulo aakulu a 2013 adazindikira kuti wobadwira mu Zimbabwe kwa kholo lochokera m'maiko a SADC ndi nzika.

Zonsezi zinkaoneka m'nyumbamo. Kwa zaka zoposa makumi asanu, bokosi lija lidakhala kunsi kwa bedi lili chimangire. Agogo aakazi sankalola kukhoma msomali pachipupa. Nyumbayo ankaitchula kuti "nyumba ya a njanji", ndipo mawu oti "kwathu" ankawasungira Ntcheu yekha.

Agogo aamuna atamwalira, amalume ake a mayiyu, amene amagwira ntchito ku Johannesburg, adatumiza ndalama zokonzera nyumbayo. Adalamula pa foni kuti pansi paikidwe matailosi oyera, pagulidwe sofa yaikulu, ndipo zakale zonse zitayidwe. Cholinga chawo chinali chabwino: ankafuna kuti mayi awo akalambe mwaulemu, anthu asamawaone ngati osauka. Ntchitoyo adaipereka kwa mdzukulu, popeza ndiye adaphunzira zimenezi. Koma tsiku limene iye adafika ndi tepi yoyezera, adapeza agogo atakhala pa mphasa, atagwira mtondo wawo wong'aluka.

"Iwe, akuti wabwera kudzataya zinthu zanga?"

"Ayi agogo, ndabwera kuti mundiuze mayina ake."

Apa ndi pamene padayambira njira imene amagwiritsa ntchito mpaka lero. Asanalankhule za mtundu wa penti kapena nsalu za pazenera, amapempha mwini nyumba kuti ayende naye chipinda ndi chipinda, akutchula chinthu chilichonse m'chilankhulo chimene adachidziwira. Chinthu chimene mwini wake amachitchula mofulumira, ndi mawu a m'sitolo, chikhoza kuchoka. Chimene amachitchula kenaka n'kuyamba nkhani, chimatsala, ndipo chipinda chonse chimakonzedwa mochilemekeza. Agogowo adatchula lichero, chipande, mthiko, mtsuko ndi nkhulungo, kamwala kosalala kamene ankakulungizira pansi akamaliza kuzira. Mdzukulu, amene adakula akulankhula Chindebele ndi Chingerezi, ena mwa mawuwa adawamva koyamba tsiku limenelo. Nkhulungoyo idali isanagwire ntchito chifikire ku Bulawayo, pakuti pansi pa nyumba za ku Sizinda ndi pa simenti, koma agogo adaisunga poyembekezera tsiku lobwerera.

Nkhani ya pansi ndiyo idavuta kwambiri. Amalume ankafuna matailosi. Agogo adati matailosi ndi oterera ndiponso ozizira, ndipo mu June ndi July chisanu cha ku Bulawayo sichisewera ndi mafupa a nkhalamba. Mdzukulu adaona chinthu china. Simenti ija, imene agogo ankaipaka polishi wofiira wa Cobra Loweruka lililonse atagwada, idali itatenga maonekedwe a dothi lakatondo. Mayi amene adalibe poti azire adapeza njira yozirira ndi polishi. Choncho adangomata ming'alu, n'kusiya pansipo pali pofiira. Kuti amalume amvetse, adawatumizira zithunzi ndi mawu ochepa: "Amalume, pansi apa ndi ntchito ya manja a amayi anu ya zaka makumi asanu. Mundiloleze ndisaikwirire." Amalume adakhala chete masiku atatu, kenaka adavomera, nati ndalama za matailosi zigulire denga latsopano.

Mitundu ya zipupa adakaiona ku Matobo, kumwera kwa mzindawu, kumapiri amene bungwe la UNESCO lidawaika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2003. Kumeneko amayi amajambula zipupa za nyumba zawo m'chilimwe pogwiritsa ntchito dothi la mitundumitundu, phulusa ndi makala, ndipo kuyambira 2014 pamachitika mpikisano wotchedwa My Beautiful Home wolemekeza luso limeneli. Mvula ikagwa zojambulazo zimafufutika, chaka chotsatira amayambanso. Chimene adatolako n'choti nyumba yamoyo siitha kukonzedwa, ndipo wokongoletsa wanzeru amasiya malo oti eni ake adzapitirize. Chipupa chimodzi cha pabalaza adachipaka mtundu wa dothi lachikasu, zinazo n'kuzisiya zoyera ngati phulusa. M'munsi mwake adajambula mzere wokhotakhota, wofanana ndi umene uli pa zipupa zamiyala za ku Khami, kumadzulo kwa Bulawayo. Agogo atauona adati ndi mzere womwewo umene amayi a kwawo ankalemba pakhosi pa mtsuko.

Zipangizo zina adazipeza mumzinda momwemo. Makapu ndi mbale zadothi adagula ku Mzilikazi Art and Craft Centre, malo amene akhala akuphunzitsa achinyamata kuumba kuyambira m'zaka za m'ma 1960. Madengu a mlaza olukidwa ndi amayi a Chitonga a ku Binga adawapachika pamodzi ndi lichero la agogo. Benchi ya pakhonde adaipangitsa kuchokera ku thabwa lakale la panjanji, la mtengo wolimba wa mukusi, pokumbukira ntchito ya agogo aamuna. Kalipentala atafunsa za mtengo wopangira tebulo, adatchula mukwa; wothandizira wake adati umvagazi; agogo adanunkhiza thabwalo nati, "Uwu ndi mlombwa." Anthu atatu adatchula mtengo umodzi m'zilankhulo zitatu, ndipo tebulo limenelo ndilo amadyerapo lero.

Mayiyu salola kuti kukongola kubise mavuto a eni nyumba. Bulawayo ndi mzinda wa madzi ovuta, ndipo mipopi imatha kukhala youma masiku angapo pa mlungu. Nyumba iliyonse ili ndi zigubu ndi ndowa zimene magazini a zokongoletsa sazionetsa. Iye adazimangira shelefu yolimba kukhitchini, pamsinkhu woti nkhalamba itunge popanda kuwerama, ndipo mtsuko adauika pamwamba pake kuti madzi akumwa azikhala ozizira. Pafupi ndi chitseko adasiya malo a nyali, pakuti magetsi nawo amathimathima.

Lidatsala ndi bokosi. Mdzukulu sadalikhudze, ndipo sadafunse. Akuluakulu adati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka, ndipo iye ankadziwa kuti kutsegula bokosilo kunali ngati kuvomera kuti ulendo wa ku Ntcheu sudzachitikanso. Chigamulo chotere sichinali cha wokongoletsa nyumba. Ntchito itatha, amisiri atachoka, adangosesa n'kutsanzika.

Patatha milungu iwiri adabwera kudzazonda agogo. Adapeza bokosi lija litatulutsidwa, lili pabalaza pansi pa zenera, litayalidwa chitenje chakale chimene chidali m'kati mwake. Pamwamba padali Buku Lopatulika lothothoka chikuto, nkhulungo, ndi chithunzi cha agogo aamuna atavala yunifolomu ya a njanji. Pachipupa chachikasu padali msomali, woyamba m'nyumbamo, wokhomedwa mokhota pang'ono, ndipo padapachikidwa chithunzi cha tsiku la ukwati wawo. Mdzukulu adaona kuti msomaliwo wasemphana ndi mzere umene iye adayeza mosamala, koma sadanene kanthu.

Pamene ankamwa tiyi, mnyamata wina woyandikana nawo adaodira panja, akufunsa ngati angabwereke ndowa. Agogo adayankha m'Chichewa, mokweza mawu: "Lowa mwanawe, usaime kutali ngati mlendo. Pakhomo pano sitimana madzi."