Bwana anakana khofi wa agogo, ati ndi makala

Abale anga a pamsika, makamaka inu okazinga mtedza pa Limbe, ku Ndirande ndi pa Lunzu, nkhani iyi muimva msanga kuposa anzathu a m'maofesi. Tamverani mmene mpamba wanga unatsalira pang'ono kupsera m'phale la agogo.

Kwathu ndi ku Neno, kumtunda kozizira kwa a Dambe. Mukamva za Neno mumangoganiza manachesi ndi mbatatesi basi, koma kuseri kwa nyumba ya agogo anga kuli mitengo 40 ya khofi imene malemu agogo aamuna anabzala ine ndisanabadwe. Chaka ndi chaka agogo amathyola, kuyanika, kukonola mumtondo, kenaka kukazinga mpaka njere zide bii, zizinyezimira mafuta. Tonse tinakula tikudziwa kuti khofi ndi ameneyo: wakuda, wowawa, wofuna masupuni atatu a shuga.

Ntchito yogulitsa nkhani kunyuzipepala siidyetsa mwezi wonse, ndiye mu 2023 ndinati nane ndiyambe kageni. Ndinapikula makilogalamu 10 kwa agogo, theka pangongole, nkuwauza kuti ndalama ya feteleza asadandaule nayo. Ndinakwera mpaka mu Blantyre kwa bwana wina amene ali ndi kamalo komwera khofi. Anamasula thumba, nkununkhiza, nkupukusa mutu.

"Achimwene, awa ndi makala. Makasitomala anga zopsereza anasiya."

Anthuni, manyazi! Katundu ndinamaliza kumugulitsa m'timapepala pamtengo wolira. Ndipo kumudzi ndinakanama kuti bwana anali atachokapo.

Pa Khirisimasi kunabwera msuweni wanga amene amagwira ntchito yopanga khofi pa shopu ina ku Johannesburg. Nditamuuza, anaseka mpaka misozi. Akuti mkangano wa wakuda ndi wofiirira suli mu Blantyre mokha. Kampani ya Starbucks, yomwe inayambira ku Seattle m'dziko la America mu 1971, inatchuka ndi khofi wokazinga kwambiri, moti onyoza ankaitcha Charbucks, kunena kuti imamwetsa anthu makala. Mu 2012 inatulutsa wokazinga pang'ono nkumutcha Blonde, ndipo mu 2016 inatsegula shopu yake yoyamba ya ku South Africa pa Rosebank, mu Johannesburg momwemo.

Nanga okonda khofi anamulandira bwanji? Msuweni akuti anagawikana patatu. Ena anaombera m'manja kuti tsopano akumva kukoma kwa njere osati utsi. Ena, aja ozolowera wakuda, amati wofiirira ndi wowawasa ngati nachesi losapsa komanso alibe mphamvu. Gulu lachitatu ndi la akatswiri a timashopu ting'onoting'ono, omwe amati amene makampani aakulu amamutcha wofiirira akadali wokazinga mopitirira poyerekeza ndi wawo, ndi dzina chabe lokopera ogula.

Za mphamvuzo iye anatsutsa. Kuwawa si mphamvu ayi. Mankhwala othamangitsa tulo otchedwa caffeine sasiyana kwenikweni, kaya mwakazinga pang'ono kaya kwambiri. Chimene chimasiyana ndi fungo, kukoma, ndiponso sikelo.

Apa a geni tcherani khutu. Njere zikamakazingidwa zimathetheka kawiri. Koyamba ndi pamene zatentha cha pa madigiri 196, zimalira ngati mbuliwuli. Kachiwiri ndi cha pa 224, kamvekedwe kake kapansipansi, ndipo mafuta amayamba kutuluka. Wofiirira amaphulidwa kuthetheka koyamba kukangotha, pamene agogo ankapitirira ngakhale kwachiwiri. Moto umadya kulemera: pa makilogalamu 10 osakazinga, wakuda bii amatsala 8 kapena kucheperapo, koma wofiirira amatsala cha m'ma 8 ndi theka. Theka la kilo limenelo ndi ndalama yopita ndi utsi.

Nditamva zimenezi ndinati basi mwayi wanga ndi uwu. Tinatenga njere zotsala m'nkhokwe, msuweni nkukazinga yekha pamoto wa makala, kuphula zitangofiirira ngati mtedza. Tinasinja, kusefa, kuthira madzi otentha. Agogo anakhala pamkeka nkumationerera.

Mayo ine! Nditangomwa kamodzi ndinalavula. Munkamveka chuku, udzu ndi dothi. Msuweni anamwaza njere zosakazinga palichero nkuyamba kuloza: iyi yofumbwa, iyi inathyoledwa yaiwisi, iyi inavunda poyanika. Zoipa zinadzaza chikhato.

Pamenepo ndi pomwe ndinazindikira kuti vuto silinayambire m'phale. Zaka zonsezi agogo ankapulula zofiira ndi zobiriwira pamodzi, nkuyanika pansi pomwe nkhuku zimapalasa. Moto waukulu unkapsereza zonse kuti zimveke chimodzimodzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Agogo anakwiya. "Amunanga, mwandibweretsera anthu a ku Joni kuti adzanyoze khofi wa agogo anu? Inu munakulira chiyani?"

"Pepani agogo, sitikunyoza," ndinatero. Ndipo pompo ndinaulula kuti bwana uja sanachokepo, anakana katundu. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anangoti, "Bodza lija ndiye landipweteka kuposa khofiyo."

Nyengo yokolola ya 2024 tinasintha. Tinkathyola zofiira psuu zokhazokha, kubwereza mtengo umodzi kangapo. Tinkaziviika mundowa, zoyandama nkutaya. Tinamanga thandala la nsungwi loyanikira m'mwamba, madzulo nkumafunditsa kuopa mame. Pomaliza agogo okha ndi maso awo a ukalamba ankasankha njere imodziimodzi palichero. Ntchito inachuluka, katundu anachepa.

Izi si zachilendo m'dziko muno. Khofi anafika pa Mishoni ya Blantyre mu 1878 kuchokera ku Edinburgh, ndipo m'zaka za m'ma 1890 ndiye anali mbewu yaikulu yotumiza kunja, fodya ndi tiyi asanamulande malo. Alimi a ku Misuku ndi ku Phoka omwe ali mu Mzuzu Coffee anaphunzira kale kuthyola zofiira zokha, nchifukwa chake khofi wawo amamveka kunja. Ife kwathu ndi amene tinkagona.

Ndinabwerera kwa bwana uja ndi njere zosakazinga. Anakazinga pang'ono pa makina ake, nkulawa, nkulawanso. Sanayamikire mokweza, mukudziwa ogula mmene amachitira poopa kukweza mtengo. Anangotenga makilogalamu 4 nkunena kuti chaka chamawa ndidzabwerenso. Ngongole ya agogo ndinabweza, thumba la feteleza silinakwane lonse koma tinaonjezera.

Ndiye kaya akatswiri akunjawo akunena zoona kuti wofiirira wa makampani aakulu ndi dzina chabe, ine sindikangana nawo. Chimene ndaona ndi ichi: ogula akayamba kufuna wokazinga pang'ono, mlimi waulesi alibe pobisala, koma wosamala ntchito yake imaonekera m'kapu. Funso langa kwa mabwana ogula ndi limodzi: ngati mukufuna agogo azisankha njere imodziimodzi, kodi mtengo wanu ukulipira maso awo? Chifukwa mukalipira chimodzimodzi ndi wopulula, palibe adzavutike kawiri.

Ndipo inu a mtedza, mukudziwa chimene ndikunena. Wachuku mukamupsereza nkuthira mchere wambiri amayenda lero, koma kasitomala akaluma imodzi yowawa, mawa amadutsa pabenchi panu ngati sakukudziwani.

Agogo? Wogulitsa amasankha bwinobwino, koma wawo wakumwa amakazingabe mpaka ade bii. Wofiirira anamulawa kamodzi nkundibwezera kapu. Akuti ameneyo ndi tiyi wa odwala.