Madzi anatidzera kumbuyo ku Morecambe Bay

Ndinakulira ku Nkhotakota, ndipo kusambira ndinakudziwa ndisanayambe sukulu. Nyanja yathu imakalipa mwera ukamaomba, koma sichoka pamalo pake: pomwe wasiya bwato m'mawa, madzulo ukalipeza pomwepo. Ya mchere ku Morecambe Bay, kumpoto chakumadzulo kwa England, ili ndi khalidwe lina. Imaphwa kawiri pa tsiku n'kusiya mchenga ndi matope okhaokha mpaka pomwe maso alekezera, kenako imabwerera. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangooneka kumene, madzi amatha kukwera pafupifupi mamita 10.

Tinapita kumeneko banja lonse mu Okutobala, ana ali pa tchuthi. Mnyamata wanga amakonda mbalame kuposa mpira, ndipo ndiye anachonderera kuti tikafike ku Hest Bank. Nyengo imeneyi kumadzaza timbalame totuwa totchedwa knot, timene timaswana ku Greenland ndi kumpoto kwenikweni kwa Canada, n'kubwera kuno zikwizikwi kuthawa chisanu. Kulinso oystercatcher, yakuda ndi yoyera, ya mlomo wautali wofiira womwe imatsegulira nkhono za mumchenga, ndi curlew ya mlomo wopindika. Mayi a mnyamatayo ndi mlongo wake anatsala kumtunda. Ife awiri tinalowa pamchenga, n'kuoloka kakhwawa komwe madzi ake ankalekeza m'mapazi.

Zomwe tinaona sindizinyoza ngakhale lero. Gulu la knot likadzuka limakwera m'mwamba ngati nkhungu zikamatuluka pa nyanja ya Malawi, n'kutembenuka lonse pamodzi, apa lada, apa layera mbee. Mwanayo anali kunjenjemera ndi chimwemwe. Mbalame zinkatiyandikira, kutera, kudzukanso, kutiyandikiranso. Chinkazisuntha chinali madzi.

“Adadi, taonani kumbuyo.”

Kakhwawa kaja kanali katasanduka mtsinje, madzi akuthamanga molowera kumtunda. Kumeneko nyanja siyamba ndi kukudzera kumaso ndi mafunde ayi. Imayamba yadzaza makwawa mwakachetechete, kukuzungulira, iwe uli chiimire pa mchenga wouma.

Ndinamunyamula paphewa n'kulowa m'madzimo. Kuzizira kwake kunandidula mpweya. Titatsala pang'ono kuoloka, mwendo wakumanja unatitimira mpaka m'bondo, ndipo nditayesa kuuzula, wakumanzere nawo unalowa. Mchenga wa kumeneko ukamwa madzi umagwira ngati wamoyo, ukamaphupha ndi pamene umakumeza. Ndinamukankhira mwanayo kutsidya, anakwawa n'kutuluka.

“Thamanga kwa amayi ako, usacheuke!”

Anakana, akulira. Ndinamukalipira mokweza kuposa tsiku lina lililonse, mpaka anapita.

Mkazi wanga anali ataona kale zonse ndipo anali ataimba 999 kupempha a Coastguard, oona za ngozi za panyanja. Anandiimbira ine, foni ili m'thumba la pachifuwa. “Bambo, akuti musalimbane nawo, tsamirani chagada, tambasulani manja. Akubwera. Mukundimva? Akubwera.” Ndinatsamira. Madzi anafika m'chiuno, kenako pamimba. Miyendo sindinkaimvanso. Ndinapemphera m'Chichewa, mokweza, mawu osalongosoka, ndipo chomwe ndinkabwereza n'choti mwana uja asandione ndikumira.

Anandipulumutsa ndi anthu odzipereka a bungwe la RNLI, omwe ku Morecambe ali ndi hovercraft, chombo choyenda pa mpweya chomwe chimadutsa pamadzi ndi pamatope pomwe. Anandigwira m'khwapa, ena akufewetsa mchenga wozungulira miyendo yanga mpaka unandisiya. Madzi anali pachifuwa. Nsapato zonse zinatsala momwemo. Kuchipatala anatifunditsa ine ndi mwana mpaka thupi linatenthanso, ndipo bondo linandivuta nthawi yaitali. Mnyamatayo kwa miyezi ankadzidzimuka kutulo akuitana ine.

Pambuyo pake ndi pamene ndinawerenga bwino za usiku wa pa 5 Febuluwale 2004. Pa mchenga womwewu, kufupi ndi Hest Bank, anthu osachepera 21 ochokera ku China anamira akutola nkhono zomwe zija zimadyedwa ndi oystercatcher. Anali obwera ngati ine, odzasaka ndalama zotumiza kwawo, ndipo owalemba ganyu anawatumiza kumeneko madzulo, m'nyengo yachisanu. Mmodzi anakwanitsa kuimba foni kwawo ku China kutsanzika, madzi akukwera. Ine zinandigwera masana, mkazi wanga ali pamtunda akundiona. Iwo unali mdima, ndipo akwawo anali kutsidya lina la dziko.