Tizidole tadothi pa tebulo

Ku England akuluakulu amagula tizidole ta Warhammer, kutipaka utoto, n'kumatimenyanitsa pa tebulo. Nditamva zimenezi ndinakumbukira ng'ombe zadothi za kuubusa.

Pasekondale pathu kuno ku Phalombe mabuku a mbiri ndi ochepa. Choncho ine ndi ana a Fomu 2 tinaumba Mulanje ndi Michesi, pakati pake Fort Lister, linga limene Angelezi anamanga mu 1893 kuti atseke njira ya akapolo. Asilikali tinawapaka katondo, ogula anthu choko. Akapolo ndinati tingowasiya, nthawi yatha.

Mtsikana wina anakana. Anaviika nthenga ya nkhuku mu inki, n'kujambula timaluwa pa kachidole kamodzi.

"Aphunzitsi, mayi awa anali ndi nsalu yawo asanagwidwe."

Ndinachita manyazi. Mawa lake tinawapaka onse, aliyense nsalu yakeyake.