KU RUFUNSA NDI KU BWALO LA NDEKE, MOYO ULI PA MZERE

Basi yocoka ku Rufunsa kulinga ku Lusaka imakhotakhota m'mapiri, woyendetsa atapenyetsetsa mzere wogawa mseu wa Great East. Ikapitirira Chongwe, imafika pa mphambano ya ku bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda, lotsegulidwa mu 1967. Kumenekonso ndeke zimatsata mizere: yoyera pothamangira, yacikasu pokwawa kukatsitsa anthu.

Mizere ikasokoneza, maliro ali pafupi. Ku Milan, m'dziko la Italy, mu 2001, kandeke kanasocera m'nkhungu ndi kuombana ndi ndeke yaikulu imene inali kunyamuka. Anthu 118 anafa. Ofufuza anapeza kuti zizindikiro zapansi zinali zopereŵera.

Motero utoto ukafufuta, kaya pa bwalo kaya pa mapiri a Manenekela, uyenera kupakidwanso msanga.