Luso la masekondi 10

Ntchito yanga kuno ku Livingstone ndi yopanga mabiti, ndipo mbali yaikulu ya ntchitoyi ndi kudula: kutenga kamawu kojambulidwa kale, kaya ka ng'oma, ka silimba kapena ka pakhosi pa munthu, n'kukaika pa kiyibodi kuti kalire mwatsopano. Anzanga ena oimba magitala amati umenewu ndi ulesi. Ine ndimati ndi luso lenileni, ndipo chinalibala ndi kuperewera kwa makina oyambirira otsika mtengo.

Sampler (makina odulira mawu) yoyamba kutchuka, Fairlight CMI, inatuluka ku Australia mu 1979 pa mtengo wogulira nyumba, moti ankaikwanitsa ndi akatswiri olemera ngati Peter Gabriel ndi Kate Bush. Zinthu zinatembenuka mu 1984, kampani ya Ensoniq ku America itatulutsa Mirage pa madola 1,695. Kenaka kunabwera Akai S900 mu 1986, E-mu SP-1200 mu 1987, ndi MPC60 imene Akai inapanga pamodzi ndi Roger Linn mu 1988. SP-1200 inkasunga mawu a masekondi 10 okha. Pofuna kuti malo akwane, achinyamata a hip hop ku New York ankathamangitsa mbale ya galamafoni ya 33 pa liwiro la 45, n'kujambula, kenaka n'kuwatsitsa mawuwo mkati mwa makina, ndipo ankatuluka okhakhala, olemera, monga timamvera m'mabiti a Pete Rock. Wokhala ndi masekondi 10 sangakolole nyimbo ya mwini yonse. Ayenera kumvetsera chimbale mobwerezabwereza mpaka apeze kugunda kumodzi koyenera, ndipo khutu lotere siligulidwa m'sitolo.

Wina anena kuti mbiriyi si yathu, ndipo ali ndi mfundo. Mtengo wa mkuwa utagwa cha m'ma 1975, madola anasowa m'Zambia, ndipo zaka zimene Mirage inkatchedwa yotchipa, kuno kunkalira kalindula wa mabandi. Ambirife kudula tinakupeza pa kompyuta, kudzera mu FruityLoops. Komatu kadulidwe kamene timatsatira m'tizipinda ta ku Maramba ndi Dambwa ndi komwe kanakhazikika pa makina aja. Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti kompyuta ilibe malire, choncho wachinyamata amangotsitsa pa intaneti ng'oma zomwe aliyense ali nazo, pamene silimba ya Alozi imalizidwira alendo m'tauni mwathu momwemuno, osajambulidwa bwino ndi ife eni ntchito.

Chitsutso cholemera kwambiri ndi chakuti kudula n'kuba. Nthawi zina n'kubadi, ndipo khoti la ku New York linagamula choncho mu 1991 pa mlandu wa Biz Markie, amene anatenga nyimbo ya Gilbert O'Sullivan popanda chilolezo. Koma choipa pamenepo chinali kutenga popanda kuloledwa, osati makinawo. Mu 2024 Tyler, the Creator anamanga "Noid" pa nyimbo ya Ngozi Family, gulu la Zamrock, ya m'chimbale cha 45,000 Volts, dzina la Paul Ngozi linalembedwa pa eni nyimboyo, ndipo anthu amene anali asanamvepo za Zamrock anayamba kuifunafuna. Ifenso tikajambula woliza silimba, tizigwirizana naye za malipiro tisanayatse maikolofoni, ndipo dzina lake lizioneka pa nyimbo.