Kwa mwana wanga wopita ku intavyu ku Lilongwe

Wokondedwa mwana wanga,

Mawa pa depoti sitidzapeza mpata wolankhulana bwino, n'chifukwa chake ndalemba kuti uwerenge mofatsa usanapite kwa azakhali ako ku Area 25.

Usiku uno ika mu envulopu imodzi satifiketi yako ya MSCE, dipuloma ya akaunti, chiphaso cha unzika ndi kalata imene anakuitanira. Utenge zenizeni ndi mafotokope ake. Zenizenizo ukangowaonetsa, usakazisiye. Tsiku lomwe wafikalo, pita ku Kanengo ukaone geti la kampaniyo ndi maso ako, chifukwa mafakitale a kumeneko amafanana, ndipo m'mawa msewu wa M1 umadzaza magalimoto. Minibasi sinyamuka isanadzaze, ndiye ukalawire. Ukafufuzenso zimene kampaniyo imagulitsa ndi amene imawagulitsa. Safunsa anadya phula.

Koma chimene chandisowetsa tulo ndi ichi. Ine ndi bambo ako tinakulera kuti pamaso pa akuluakulu uzizolika, mawu pansipansi, osadzitama. Ulemu umenewo ndimaunyadira, koma ukapitirira muyeso ukakumanitsa ntchito. Anthu amene ukawapeze kuseri kwa tebulo sanakuonepo. Zimene umadziwa akazimva kuchokera pakamwa pako basi. Ukawapatse moni, ukadikire akuuze kuti khala, kenako ukadzutse mutu n'kuwayang'ana. Akakakufunsa ntchito imene unagwirapo, usakati palibe. Zaka ziwiri zonsezi ndiwe wakhala ukulemba mabuku a banki mkhonde ya amayi a kumpingo, ndipo tsiku logawana sipanasowepo ngakhale tambala. Ukawafotokozere mmene unkalembera masheya, ngongole ndi chiwongoladzanja, ndiponso mmene unkakumbutsira ochedwa kubweza popanda kuyambana nawo. Imeneyo ndi ntchito ya akaunti, mwana wanga, ndipo kuinena si matama.

Funso likakakuvuta, ukapemphe kuti alibwereze. Ngati yankho sukulidziwa, ukavomere n'kuwauza kuti ndiwe wokonzeka kuphunzira. Bodza la mu intavyu limaululika sabata yoyamba ya ntchito. Za malipiro, uyambe wawafunsa azakhali ako kuti lendi, thiransipoti ndi chakudya zimadya zingati pamwezi, kuti usakatchule ndalama yongothera m'minibasi.

Pali china chimene ndiyenera kukuuza mosapita m'mbali poti ndiwe mtsikana. Wina akakuimbira foni kuti utumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kuti dzina lako lidutse, ameneyo ndi wakuba. Bwana akakati mukumane madzulo kumalo ogona alendo kuti mukambirane za ntchitoyo, usakapite, ngakhale atalonjeza zotani. Ukawauze azakhali ako tsiku lomwelo. Kuli bwino ubwerere kuno chimanjamanja. Chimanga chilipo m'nkhokwe ndipo palibe amene adzakunyoze.

Bulauzi yoyera ija ndakusitira, ili pamwamba m'chikwama. Ukadye kaye usananyamuke, ndipo foni ukaizimitse pa geti. Ukangotuluka undiimbire, kaya zayenda kaya sizinayende.

Mulungu akutsogolere.

Ndine mayi ako.